Amene amatisainira ku Geneva, anamutuma ndani?

Felizardo wa ku Moatize
Akuluakulu mwaswera bwanji. Pepani ndidule kaye nkhani yanu. Ndinamva pa wailesi ya kutsidya kuti Malawi ndiye dziko loyamba kuvomereza pangano lomwe mayiko anamanga ku Geneva mu Meyi 2024, lija lokhudza zomera ndi nzeru za makolo. Zinandipatsa maganizo. Ine ndine woimba, ndipo nyimbo zanga anyamata amazidzaza m'mafulashi pamsika, ine osaona ngakhale khobidi. Ndikadandaula anthu amati usade nkhawa, pali mapangano a mayiko oteteza oimba. Chabwino. Koma munthu amene amakhala kuseri kwa kachikwangwani kolembedwa Mozambique pa misonkhano imeneyi, n'kumakweza dzanja, n'kumasaina, mphamvu imeneyo amaitenga kuti? Akhoza kungodzuka m'mawa n'kusaina zomwe zamukomera?

Celestino pa Zóbuè
Amaitenga mu ndege achimwene 😂 akangomanga lamba basi wasanduka boma

Mayi Nabanda
A Celestino mwayambapo. Asiyeni odziwa ayankhe. A Maseko muli pompano?

A Maseko (Ulongwe)
Ndilipo mayi. Mwana wanga Felizardo wafunsa bwino.

Mapepala ndi awiri, ndipo anthu amawasokoneza kawirikawiri. Loyamba ndi credencial. Imeneyi imangonena kuti auje ndi auje ndiwo nthumwi za dziko lathu pa msonkhano wakutiwakuti. Ukakhala nayo umalowa, umakhala pa mpando wa dziko, umayankhula, umavota, ndipo pomaliza ukhoza kusaina chikalata chotsekera msonkhano, chomwe chimangochitira umboni kuti msonkhano unachitika ndipo munalipo. Chikalata chotsekerachi sichimanga dziko pa kanthu kalikonse.

Lachiwiri ndi plenos poderes. Ili ndiye lolemera. Popanda ilo sungaike dzina pansi pa pangano lenilenilo, kaya ndiwe kazembe wa zaka makumi angati. Kapepala kake n'kosaopsa m'maso, nthawi zambiri tsamba limodzi: dzina lonse la wotumidwayo, udindo wake, dzina la pangano lomwe akuloledwa kusaina, tsiku, malo, kenaka siginecha pansi. Koma siginecha imeneyo iyenera kukhala ya mmodzi mwa anthu atatu okha: mtsogoleri wa dziko, mtsogoleri wa boma, kapena nduna ya zakunja. Atatu amenewa eni akewo safuna kalata iliyonse, udindo wawo ndiwo kalata. Zimenezi zili mu ndime 7 ya pangano la ku Vienna la 1969, lomwe limalongosola m'mene mayiko amapanganirana.

Ku WIPO, bungwe lomwe limayendetsa nkhani za umwini wa nyimbo ndi mabuku, msonkhano ukangotsegulidwa amasankha komiti yoona mapepala amenewa. Imakhala pansi n'kuyang'ana limodzilimodzi, kenaka n'kuuza msonkhano kuti dziko ili labweretsa zonse ziwiri, ili labweretsa credencial yokha. Pamene komiti ikuunika, nthumwi zimaloledwa kutenga mbali mongoyembekezera.

Mayi Nabanda
Ndiye zili ngati ankhoswe tsono. Timawatuma akakambe, akamve, akakane zokanika, koma kuti mwana watengedwa ndiye ayambe abwera kaye kwa eni mbumba.

A Maseko (Ulongwe)
Mwafika pafupi mayi. Kungoti kumeneko pakamwa pokha sipakwanira, amafuna pepala.

Celestino pa Zóbuè
Nanga wina atasaina alibe pepalalo? Kapena atamunong'oneza kenakake pakona, mukudziwa inu m'mene zimakhalira

Graça Phiri
Ndiyankheko agogo Maseko, tinaziwerenga kumene chaka chatha. Ndime 8 ya Vienna yomweyo imati chimene wachita munthu wopanda chilolezo chilibe mphamvu, pokhapokha dziko lake litabwera pambuyo n'kunena kuti tachilandira. Za kunong'oneza zilinso m'menemo a Celestino, ndime 50. Ngati dziko lina lagula nthumwi yanu ndi ziphuphu, muli ndi ufulu wonena kuti chivomerezo chija n'chachabe. Ngati anamuopseza, ndime 51, chimafa chokha.

Koma pali ndime ina imene imandiopsa ine, 47. Tinene kuti boma lauza nthumwi m'chipinda kuti ukaona mawu akutiakuti usavomere, iye n'kukavomera. Dziko silingadzathawire pa mawu a m'chipinda aja, pokhapokha ngati mayiko enawo anauzidwiratu za malire amenewo iye asanavomere.

Celestino pa Zóbuè
Ehee! Si ndimanena ine

Graça Phiri
Dikirani kaye. Pa mapangano a WIPO kusaina sindiko kumanga dziko. Ukasaina wangolonjeza kuti sudzachita zinthu zopha cholinga cha panganolo, ndi ndime 18 ya Vienna imeneyo. Chomanga ndi chivomerezo chochokera kumudzi. Kwathu kuno malamulo aakulu a dziko amati mapangano a mayiko amavomerezedwa ndi Assembleia da República, ndipo ndime 18 ya Constituição imati amayamba kugwira ntchito m'dziko muno akavomerezedwa moyenera n'kusindikizidwa. Ndiye kuti mu Boletim da República, nyuzipepala ya boma yolengezera malamulo. Kenaka chikalata cha chivomerezo chimakaperekedwa kwa mkulu wa WIPO ku Geneva. Njira yonseyo ikapanda kuyendedwa, siginecha ija imangokhala m'kabati.

America inasaina pangano la ku Beijing la osewera mafilimu mu 2012, koma nyumba yawo ya Senate siinalivomereze, ndipo silinawamange.

Felizardo wa ku Moatize
Ndiye mwati kusaina n'kwachabe?

A Maseko (Ulongwe)
Kwachabe ayi, koma si khomo lokhalo. Taona pangano la Berne loteteza ntchito za olemba ndi opeka nyimbo, lomwe ndi mayi wa zonsezi. Linamangidwa mu 1886, ife tili m'manja mwa ena. Palibe mwana wa Moçambique amene analipo kapena kusaina. Tinadzalowa mu 2013 pongopereka chikalata cholowera. Anzathu a ku Malawi analowa mu 1991. Ndipo pangano limeneli ndi limene likukukhudza iwe kwambiri, chifukwa limati nyimbo yako ikadutsa pa Zóbuè kapena pa Calómuè, Malawi ayiteteze monga m'mene amatetezera nyimbo ya mwana wawo. Za anyamata a mafulashi pa msika wa Moatize si za Geneva ayi, ndi za lamulo lathu lomwe, Lei 9/2022 imene inalowa m'malo mwa Lei 4/2001, ndi za kulembetsa ku SOMAS, bungwe loteteza umwini wa olemba ndi opeka nyimbo kwathu kuno.

Felizardo wa ku Moatize
Zikomo bambo. Koma pa anyamata aja lamulo limafika mochedwa kuposa mvula ya chaka chino

Joaquim Jere
Ine ndili ndi funso la voti. Zoona Moçambique ndi America voti yawo imalemera chimodzimodzi? Ndikukaika.

Graça Phiri
Pa pepala inde. Dziko limodzi voti imodzi, ndipo nthumwi imavotera dziko lake lokha, singanyamule voti ya oyandikana nawo amene sanabwere. Vienna imati pa msonkhano wa mayiko mawu a pangano amadutsa ndi magawo awiri mwa atatu a mayiko omwe alipo ndipo akuvota, pokhapokha atagwirizana njira ina. Kungoti ku WIPO kuwerenga manja n'kosowa. Amakonda kukambirana mpaka pasapezeke wotsutsa poyera, wapampando n'kugogoda.

A Maseko (Ulongwe)
Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, ndipo ndikufuna muimvetse, chifukwa tikangoyang'ana mapepala aja tiganiza kuti zonse zili bwino.

Msonkhano wotere umagawika. Pali komiti yoyamba yokamba nyama ya panganolo, yachiwiri yokamba za kayendetsedwe ndi ndime zotsiriza, ina yosalaza mawu, ina ija ya mapepala. Zinthu zikavuta, amachoka mu holo yaikulu n'kukalowa m'tizipinda, m'mene mumalowa oimira magulu a zigawo ndi anthu owerengeka. Ife timayankhulira m'gulu la mayiko a mu Africa. Tsono dziko lolemera limabwera ndi gulu la maloya, wina wodziwa za mafilimu, wina za mabuku, wina wongotsata zizindikiro za m'kalembedwe monga mpumiro. Dziko losauka likhoza kukhala ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo a ku ofesi ya ku Geneva amayeneranso kuthamangira misonkhano ya zaumoyo, ya zamalonda, ya ufulu wa anthu, yonse mu mzinda womwewo. Munthu sangakhale m'zipinda zitatu nthawi imodzi. Akabwerera mu holo amapeza mawu apsa kale, ndipo kukhala wekha woimika dzanja kutsutsa zomwe dziko lonse lapansi lagwirizana usiku wa manda si chinthu chapafupi.

Onjezerani chiyankhulo. Mapangano monga la Marrakesh, la mabuku a anthu osaona, amasainidwa m'ziyankhulo 6 zomwe zili ndi mphamvu yofanana: Chingerezi, Chiarabu, Chitchaina, Chifalansa, Chirasha ndi Chisipanishi. Chipwitikizi mulibe m'menemo. Mwana wathu amene anaphunzira malamulo m'Chipwitikizi amakalimbana pa liwu limodzi ndi munthu amene chiyankhulocho anayamwira.

Ndiye voti ndi yofanana, inde a Jere. Chosiyana ndi amene ali m'kachipinda pamene mawu akuphikidwa.

Joaquim Jere
Ndiye tinganene kuti aang'ono amangoperekeza?

Aphunzitsi Nangozo
Ayi a Jere, pamenepo ndikukanizani. Ine ndimaphunzitsa ana osaona, ndipo nkhani ya Marrakesh ndimaidziwa ngati dzina langa. Amene anaika pangano limenelo pa tebulo mu 2009 si America kapena Ulaya, anali Brazil, Ecuador ndi Paraguay, atatenga zolemba za bungwe la anthu osaona la dziko lonse. Makampani akuluakulu a mabuku ndi mafilimu sanalifune m'mene linalili. Linakokedwa zaka zinayi, koma pa 27 Juni 2013 linadutsa ku Marrakesh, ku Morocco, pa nthaka ya Africa. Stevie Wonder anali atalonjeza kuti mukamaliza ndibwera kudzakuimbirani, ndipo anabweradi. Tsiku lotsatira mayiko 51 anasaina. Enawo anali ndi chaka chathunthu choti akasainire.

Ndikuuzeni chimene chimandipweteka. Ndili ndi mtsikana m'kalasi, wanzeru zoopsa. Buku la Chipwitikizi limene anzake amangotsegula, iye ndimamulembera ine ndi dzanja, kadontho ndi kadontho, kuboola pepala kuchokera kumanja kupita kumanzere kuti akatembenuza awerenge bwino. Tsamba limodzi la buku limadya mapepala angapo a Braille. Ndikafika pakati pa mutu, anzake apita kale mutu wina, chala changa chatupa. Pamene ku Brazil ndi ku Portugal mabuku ambiri a m'chiyankhulo chomwechi anakonzedwa kale kuti osaona aziwerenga. Pangano la Marrakesh linabwera kuti mabuku otere azikonzedwa popanda kupempha mwini buku, ndiponso azidutsa malire.

Ndiye ine ndikamva kuti kazembe wasaina sindiseka ngati a Celestino.

Celestino pa Zóbuè
Pepani aphunzitsi, sindimaseka ana ayi

Aphunzitsi Nangozo
Ndikudziwa achimwene.

Graça Phiri
Aphunzitsi, nkhani yanu ikuonetsa bwino mtunda umene uli pakati pa kusaina ndi kugwira ntchito. Marrakesh inafuna mayiko 20 avomereze. India inayamba mu 2014, Canada inakwanitsa nambala mu Juni 2016, ndipo pangano linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2016. Zaka zitatu. La Beijing linafuna 30, linadikira mpaka Epulo 2020. Brazil inavomereza Marrakesh mu 2015. Portugal inalowa kudzera ku European Union, ndipo kumeneko kunali mkangano womwe tikukambawu: mphamvu ndi ya ndani, ya mgwirizano wonse kapena ya dziko lililonse palokha? Mpaka khoti lawo lalikulu linagamula mu Febuluwale 2017 kuti ndi ya mgwirizano, ndiye anavomereza mu 2018. Olemera omwe amakanganirana cholembera.

Kwa inu chofunika kutsata pa pangano lililonse ndi zinthu ziwiri: resolução yake, chigamulo cholivomereza, mu Boletim da República, ndi zimene lamulo la m'dziko likunena pa za osaona. Ndi funso labwino kulitengera kwa a ACAMO, bungwe la anthu osaona m'dziko muno, ndi kwa aphungu a chigawo chathu cha Tete.

A Mbewe a ku Furancungo
Ndakhala chete ndikuwerenga. Zonse mwanenazi n'zabwino, koma ine mtima wanga uli pena. Gule Wamkulu UNESCO inamulemekeza mu 2005, m'dzina la Malawi, Moçambique ndi Zambia. Lero alendo amabwera ndi makamera, amajambula, amakaika pa YouTube, ena amatenga ng'oma zathu n'kuika m'nyimbo zawo. Amene amapita ku Geneva kukayankhula za chikhalidwe, anayamba wakhalapo pansi ndi mafumu kuno? Anafunsa akuluakulu a kudambwe chimene chiloledwa kuonetsedwa ndi chimene sichiloledwa? Kalata yake yasainidwa ndi nduna, chabwino. Koma mwini gule si nduna.

Mayi Nabanda
Apa ndiye mwalasa a Mbewe

A Maseko (Ulongwe)
Achimwene a Mbewe, funso lanu ndi lolemera kuposa la Felizardo, ndipo yankho lake silikoma. Pa malamulo a mayiko, ovota ndi osaina ndi maboma basi. Kalonga Gawa Undi, ngakhale Achewa a mayiko atatu timakagwada ku Mkaika pa Kulamba, alibe mpando wovotera. Achewa tili ndi mavoti atatu ogwidwa ndi Maputo, Lilongwe ndi Lusaka, ndipo palibe imodzi mwa itatuyo imene ili yathu tokha.

WIPO inakhazikitsa komiti yokamba za nzeru za makolo ndi zikhalidwe mu 2000. Oimira mitundu ya anthu amaloledwa kulowamo ngati oonerera. Amayankhula, amapereka maganizo, koma ganizo lawo kuti lilowe m'zolemba pamafunika dziko lina lilitole n'kunena kuti tikuligwirizira. Likasowa wolitola limagwera pansi. Ndipo pangano la 2024 lomwe watchula Felizardo silikhudza magule kapena nyimbo. Limangoti wopempha patenti, chikalata cha umwini wa chinthu chatsopano chimene watulukira, pa chinthu chochokera ku zomera kapena ku nzeru za makolo aulule kumene anazitenga. Nkhani ya magule ikadali pa moto kumeneko. Kuno ku Africa kuli Swakopmund Protocol ya 2010 ya ARIPO, bungwe la mayiko ena a mu Africa loona za umwini wa nzeru, imene imakamba za zikhalidwe, koma nayonso imadalira dziko lililonse kuilowa ndi kuiika m'malamulo ake.

A Mbewe a ku Furancungo
Zaka zoposa makumi awiri akukamba za ife, ife osadziwa.

Joaquim Jere
Koma a Mbewe, tinene zoona, atabwera kudzafunsa, mafumu athu angagwirizane chimodzi? Ena amafuna alendo ajambule alipire, ena safuna n'komwe kamera pabwalo.

A Mbewe a ku Furancungo
Tikanganadi, koma tikangane ifeyo. Kusiyana maganizo kwathu si chifukwa choti wina atiyankhulire.

Celestino pa Zóbuè
Ine maganizo anga ndi akuti kazembe akaona kuti pangano ndi loipa kwa anthu ake akane yekha. Ali ndi mutu. Asamangoti ndatumidwa

A Maseko (Ulongwe)
Pamenepo ndiye sindikuvomera ngakhale pang'ono. Kazembe wochita za m'mutu mwake ndi woopsa kuposa womvera. Lero akana chimene iwe ukudana nacho, uwomba m'manja. Mawa avomera chimene boma linamuletsa, udzalira ndi ndani? Sanasankhidwe ndi anthu. Akaona choipa aimbe foni ku unduna, alembe, achenjeze, ngati zakanika atule pansi udindo. Ku Geneva mu Disembala 2000 mayiko anagwirizana ndime 19 mwa 20 za pangano la osewera mafilimu. Imodzi yokha, yonena za m'mene ufulu wa wosewera umasamukira kwa wopanga filimu, America ndi Ulaya anakanirira. Palibe nthumwi imene inati ndatopa, ndingovomera. Anabwerera chimanjamanja, nkhani n'kugona zaka 12 mpaka ku Beijing. Zinawawa, koma ndi m'mene ziyenera kukhalira.

Graça Phiri
Agogo ndikugwirizana nanu theka. Mukumbukire ACTA, pangano lolimbana ndi zokopera lomwe linakambidwa mobisa kunja kwa WIPO. Mu Januwale 2012 ku Tokyo, European Union ndi mayiko ake 22 anasaina. Kazembe wa Slovenia ku Japan, mayi Helena Drnovšek Zorko, anasaina monga anatumidwira, mapepala ake onse ali bwinobwino. Patangopita masiku analemba poyera kupepesa kwa anthu a kwawo, kunena kuti sanalabadire mokwanira chimene ankasaina. Anthu anadzaza m'misewu ku Poland ndi kwina, ndipo pa 4 Julaye 2012 nyumba ya malamulo ya Ulaya inalikana ndi mavoti 478, olifuna 39 okha.

Ndiye inde, asachite za m'mutu mwake. Koma kumvera kopanda kuwerenga nakonso si ntchito. Ndipo chimene chinapha ACTA ndi anthu wamba amene anadziwa nkhani nthawi ikadalipo, n'kugwira aphungu awo pakhosi.

A Maseko (Ulongwe)
Mdzukulu, mayi ameneyo akanachenjeza boma lake asanasaine, osati kupepesa atasaina. Kupepesa sikufufuta inki.

Graça Phiri
Koma kunathandiza kuti anthu adzuke agogo

A Maseko (Ulongwe)
Tisiyane pamenepo.

Felizardo wa ku Moatize
Tsono kutsogoloku kuli china chikubwera chotikhudza ife oimba? Kuti mwina tiyambiretu kufunsa.

Graça Phiri
Chimene chakhalitsa pa tebulo ndi pangano loteteza nyumba zoulutsa mawu, mawailesi ndi makanema. Akhala akulikamba kuyambira 1998. Palinso nkhani ya malaibulale ndi masukulu, yomwe gulu la mayiko a mu Africa limaikankha kwambiri, ndi ija ya zikhalidwe ya a Mbewe. Malangizo a nthumwi amakonzedwa asananyamuke, pakati pa unduna wa zakunja ndi oyang'anira zachikhalidwe. Mawu a oimba a ku Tete akafuna kulowa, alowere pamenepo, kudzera m'mabungwe a olemba ndi oimba. Wailesi za m'madera ngati zathuzi nazonso zikukhudzidwa, wina awauze.

Mayi Nabanda
Mlamu wanga amathandiza pa wailesi ya m'dera, ndimutumizira zonsezi aziwerenge

A Mbewe a ku Furancungo
Mumutumizirenso funso langa lija, osalidumpha.

Joaquim Jere
Komaliza a Maseko. Nanga itapita nduna ya zachikhalidwe yeniyeniyo, osati kazembe? Imeneyo ndiye ikhoza kungosaina, si nduna?

A Maseko (Ulongwe)
Ayi a Jere. Nayonso iyenera kunyamula plenos poderes, chimodzimodzi nduna ya zachilungamo kapena ya zamalonda. Ikaiwala kalatayo ku Maputo idzakhala mu holo, idzavota, idzasaina chikalata chotsekera msonkhano, koma pa pangano lenilenilo iyembekeza mpaka pepala lifike.